Usiku umene amayi anamva madzi m'sipika yanga

Papita nthawi ndithu chichitikireni zimenezi, koma sizindichoka m'mutu. Ndikangogwira kabatani ka reverb, kachida kamene kamachititsa mawu kumveka ngati ali m'phanga, kuti ndikapotokole kupitirira theka, dzanja limaima lokha. Ndimawaona amayi ataima pakhomo mumdima, chitenje chili m'manja, phazi likufufuza patapata pansi.

Munali mu Okutobala 2023, konkuno ku Nchalo. Amene munagonapo kuno mwezi umenewu mukudziwa mmene malata amasungira moto wa dzuwa mpaka pakati pa usiku, thukuta likuyenderera ngakhale wangogona osagwedezeka. Mvula inali isanadonthe n'kamodzi komwe. Kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha, Shire ali phee m'njira yake.

## Zimene ndimapanga kuseri kwa nyumba

Masana ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa kabenchi kanga kumsika. Usiku ndimapanga nyimbo zimene anzanga ambiri amati si nyimbo. Mulibe woimba, mulibe ng'oma yoti munthu adulire chiuno. Muli mawu aatali okokeka, ena ngati mphepo m'migwalangwa, ena ngati chigayo chikulira kutsidya kwa dambo. Kunja amazitcha ambient. Dzinali linatchuka ndi Brian Eno, katswiri wa nyimbo wa ku England, m'chaka cha 1978, ndipo maganizo ake anali akuti pakhale nyimbo zoti ukafuna uzitchere khutu, ukapanda kufuna zizingokhala nawe m'chipinda osakusokoneza. Ine maganizo amenewa ndinawakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinkaona ngati phokoso lofatsa silingapweteke munthu.

Zida zanga zambiri n'zotola. Mtima wa zonse ndi piezo, kachitsulo kozungulira kopyapyala kaja kamene kamalira kuti tii tii m'mawotchi ndi m'zoseweretsa za ana. Ukakapatsa magetsi kamanjenjemera n'kulira. Ukakanjenjemeretsa iweyo, kamatulutsa magetsi. Ndiye ukawotchererapo mawaya awiri n'kukamata pa thabwa, thabwa lonse lija lasanduka maikolofoni. Mawu oyenda mumpweya sikasamala nawo kwenikweni, kamamva zoyenda m'kati mwa chinthucho. Ukakanda thabwalo ndi chikhadabo, m'sipika mumamveka ngati wina akukoka bwato pamchenga.

Ndili ndi kabokosi komwe ndinakhomapo masipuling'i a sitandi ya njinga, masipoko osulidwa kunsonga ngati a kalimba, ndi waya wa buleki wokungidwa pa chitini cha mafuta. Delay, kachida kobwerezabwereza mawu, ndinapanga ndekha. M'maampulifaya otchipa aja okhala ndi echo ya maiki, amene amalira m'matchalitchi ndi pa maukwati, nthawi zambiri mumakhala kachipu kolembedwa PT2399. Wina anandisiyira ampulifaya yopsa, ndinazulamo kachipuko n'kukamangira nyumba yakeyake m'chitini cha nsomba. Kamabwereza bwinobwino ngati kubwerezako n'kwapafupipafupi, koma ukakakakamiza kuchedwetsa mawu kupitirira theka la sekondi, mawuwo amayamba kunyenyeka ngati mwalowa mchenga. Ma pedal ogula, timabokosi tosinthira mawu toponda ndi phazi, ndili nawo awiri okha, reverb ndi looper yojambula mawu n'kumawabwereza mosalekeza, onse akaunjika. Anandibweretsera mnzanga pochokera ku Johannesburg.

Chiyambire pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, ndinasamutsira zonse pa batire ya sola ya 12V, n'kutsitsa mphamvuyo kufika pa 9V imene ma pedal amafuna. Unali mdima umene unandikankhira kumeneko, koma ndinatolako china. Kung'ung'udza kwa 50Hz kumene magetsi a pakhoma amalowetsa m'mawaya a piezo kunangoti zii. Kwa nthawi yoyamba ndinamva bata lenileni pansi pa nyimbo zanga, ndipo ndinalikonda batalo mpaka kupyola muyeso. Chilichonse chosasa, chokhekhera, chothetheka, ndinayamba kuchidula. Ndinkafuna mawu osalala ngati madzi a m'mtsuko.

## Lata limodzi

Za namondwe wa Freddy sindikuuzani, munaliko. Kwathu ndi kufupi ndi Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. Amayi anachezera usiku wonse pa chulu pamodzi ndi anthu ena mpaka bwato linawapeza, kenako anakakhala pa kampu ya pasukulu. Madzi ataphwa ndinapitako. Pamene panali nyumba yathu panali mchenga wokhawokha, ndi lata limodzi lopindika litakodwa m'mizu ya mtengo wozuka. Ndinalizindikira chifukwa cha penti yobiriwira imene ndinadonthezapo ndili mnyamata, tikupenta chitseko. Ndinaoloka nalo pabwato mpaka ku Bangula, ndinalimanga ndi malegeni pa matola, ndafika nalo kuno. Amayi ndinakawatenga mwezi wotsatira kuti adzakhale nane.

Sindinganame kuti ndinalitola ngati chikumbutso chokha. Ndinali nditaligogoda kale ndi chala pomwepo pamchengapo, ndipo ndinamva kuti lili ndi mawu.

Ndinalipachika ndi chingwe pa nthambi ya mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba, piezo nditamata pakona. Lata lolendewera likakhudzidwa ndi ndodo yokulungidwa malegeni kumutu silinena kuti nge ngati belu la kusukulu. Limabuula. Kubuulako ndinkakujambula mu looper n'kukuyendetsa pa theka la liwiro, zomwe zimatsitsa mawu kukhala akuluakulu zedi, a bezi. Pamwamba pake ndinkasanjika ena, enanso, onse akudutsa mu reverb yaitali kwambiri, ndipo mawu onse aang'ono akumwamba nditawadula. Chotsala chinali kulindima kopanda chiyambi, kopanda mathero. Miyezi ingapo ndinkamvera zimenezi pa mahedifoni ndekhandekha, ndipo kunena zoona, zinkanditonthoza.

Usiku umenewo mahedifoni ankandiwotcha makutu. Ndinawavula, n'kulumikiza sipika yaikulu ya m'galimoto imene ndinaiika m'bokosi la thabwa. Ndinatsitsa voliyumu mpaka pansi. Kwa ine zinali ngati kunong'ona.

## "Dzutsa anthu"

Sindinamve chitseko chikutseguka. Ndinangomva mawu amene sindinawamvepo chibadwire kuchokera pakamwa pa amayi, mawu opyapyala ngati a mwana.

"Iwe! Madzi! Madzi akubwera, dzutsa anthu!"

Ndinathamangira kumaso kwa nyumba. Anali pakhomo, chitenje m'manja, dzanja lina litafumbata kajumbo kamene amasungamo chitupa ndi buku la kuchipatala. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti chichokereni ku kampu, kajumboko amagona nako kumutu.

"Amayi, si madzi. Ndine."

"Ndiwe bwanji? Sukumva? Akuchokera uku." Analoza kumpoto. Kenako anatembenuka n'kuloza kumadzulo. Kenako dzanja linangozungulira m'malere, losadziwa kopita.

Ndinabwerera kuseri n'kuzula waya pa batire. Kulindima kuja kunaduka nthawi yomweyo. Kunatsala nkhululu, galu wa kutali, ndi kupuma kwa amayi kumene ndinkakumva ndili kuseri kwa nyumba.

"Mwamva amayi? Inali sipika."

"Khala chete."

Ndinakhala chete. Anaima pamenepo mutu atapendeketsa, nthawi yaitali moti miyendo yanga inayamba kuchita dzanzi. Anatsika pakhonde n'kuponda dothi ndi phazi lopanda nsapato, apa, apo, kufuna kumva ngati lanyowa. Linali louma gwa, lotentha. Ndiye anati ndiwaonetse chimene chimalira. Ndinayatsa tochi ya pafoni, tinazungulira nyumba, kuwala kunagwera pa lata lija likuzungulira pang'onopang'ono pachingwe chake. Dontho la penti yobiriwira linabwera kumaso kwathu.

"Ili si lakwathu ili?"

"Ndi lomwelo, amayi."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Analikhudza ndi zala n'kuliimitsa kuti lisazungulirenso.

"Usiku uja linkalira chonchi," anatero. "Khoma lisanagwe."

Anakakhala pakhonde mpaka kunacha. Ine ndinakhala chapatali pang'ono, pa njerwa. Sitinalankhulenso. Atambala atayamba kulira anadzuka kukasonkha moto ngati masiku onse, koma phala la tsiku limenelo sanadye.

Chimene chinkandidya mumtima usiku wonsewo n'chakuti ine sindinafune kupanga mkokomo wa madzi. Sizinandibwerere n'komwe. Usiku wa Freddy ndinali kuno, m'nyumba ya njerwa zootcha, ndikudandaula za netiweki imene inasowa. Madzi aja ine ndinangoona zimene anasiya. Amayi anawamva akubwera. Tinali anthu awiri a nyumba imodzi, tikumva lata limodzi, wina akumva mpumulo, wina akumva imfa.

## Atsibweni ndi chikho chosasa

Patatha masiku anayi kunabwera atsibweni, achimwene awo a amayi, kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Tengani. Iwo ndi munthu wa ulimba, choimbira cha matabwa chomenya ndi timitengo, kuyambira unyamata wawo. Amayi anali atawauza kale nkhaniyi pafoni, ndipo ndinkayembekeza kuti ndikhala pansi ngati wamlandu. Koma atatha kudya anangoti, "Mphwanga, tandimvetsa chinthu chakocho."

Ndinawaveka mahedifoni. Anamvera maso atatsinzina, zala zikufunafuna pa bondo poti zigunde, osapapeza. Atavula anati, "Mulibe munthu m'menemu."

Ndinayamba kufotokoza za ambient, zoti cholinga chake n'chomwecho. Anandidula mwaulemu.

"Ayi, sindikunena za kuvina. Ndikuti sindikumva pamene waima. Ulimba ukamalira usiku kutsidya kwa dambo, ngakhale mwana amaloza kuti ndi uko, kwa auje. Ichi chako chikuchokera paliponse. Chinthu chochokera paliponse kuno timachidziwa n'chimodzi."

Kenako anandifunsa ngati ndinayang'anapo bwinobwino pansi pa ulimba. Ndinakula ndikuuona, koma ayi, sindinayang'anepo ngati mmisiri. Pansi pa thabwa lililonse pamalendewera chikho chofanana nalo mawu, chachikulu ku mawu aakulu, chaching'ono ku mawu aang'ono. M'mbali mwa chikho amaboola kabowo n'kumatapo kachikopa koyera kopyapyala kamene kangaude amasungiramo mazira pakhoma. Masiku ano ena amamata pepala la ndudu kapena kajumbo kopyapyala. Mpweya wa m'chikho ukagwedezeka, kachikopako kamanjenjemera n'kupatsa mawuwo kusasa, kuja kumati nziii pamwamba pa liwu lenileni. Bangwe, choimbira cha zingwe chija, nayenso amamumangirira zitsekerero za mabotolo pa chifukwa chomwecho. "Ukachotsa kameneko," anatero atsibweni, "watsala ndi nkhuni. Amva okhawo ali pabwalo."

Apa m'pamene zinthu ziwiri zimene ndinkazidziwa padera zinakumana m'mutu mwanga. Aliyense wolumikiza zokuzira mawu amadziwa kuti sipika ya bezi ukhoza kuiika pakona iliyonse, chifukwa khutu la munthu limavutika kuloza kumene mawu akuluakulu kwambiri akuchokera. Mafunde ake ndi aatali, mamita angapo, amazungulira mutu n'kufika m'makutu onse awiri mofanana, amadutsa khoma, amayenda m'nthaka. Mawu aang'ono akumwamba ndi amene amauza khutu kuti chinthu chili kumanzere, chili pafupi, chili kuseri kwa nyumba. Ndiye taonani zimene ndinachita ine. Ndinatsitsa lata kufika pansi penipeni, ndinadula zonse zakumwamba, ndinafufuta ndi reverb kagundidwe ka ndodo kamene kakanasonyeza kuti pali dzanja. Voliyumu inali yochepa, inde, koma khoma linatsekereza tochepa takumwamba timene tinatsala n'kulowetsa kulindima kokhakokha. Chimene chinawapeza amayi pamphasa chinali phokoso lopanda mwini, lopanda kochokera. Dzanja lawo lija lozungulira m'malere silinali kusokonezeka kwa ukalamba. Khutu lawo linkagwira ntchito bwinobwino.

Ndipo chimene ndinkachitcha litsiro, kusasa kuja ndinkakudula usiku uliwonse, ndi chimene anthu a kuno akhala akuchimata dala pa zoimbira zawo kuyambira kale. Anzathu akunja amagula pedal ya fuzz kuti gitala isase. Atsibweni amapita kukhoma kukafuna nyumba ya kangaude.

Amayi anali chapafupi akusankha nyemba, ngati sakumvera. Koma anaponyapo mawu osadzutsa mutu. Anati pa chulu paja, mumdima, chimene chinawagwira mtima kuti asataye chiyembekezo chinali chitini. Munthu wina, mpaka lero sakumudziwa, anali mumtengo chakumtunda akumenya chitini usiku wonse. Mkokomo unali paliponse, koma chitinicho chinali pamalo amodzi. Chikalira ankadziwa kuti uko kukadali munthu wamoyo, ndipo uko n'kumtunda.

## Mmene ndikupangira tsopano

Sindinasiye. Ena angaganize kuti ndikanayenera kusiya, ndipo sabata yoyamba nanenso ndinkaganiza choncho. Koma manja anasintha.

Tsiku lotsatira atsibweni asanabwerere tinakhala pansi pa nimu ndi kabokosi kanga ka masipoko. Anaboola zitsekerero zinayi ndi msomali n'kuzimangirira pa waya momasuka, kuti zizivina thabwa likagwedezeka. Piezo imazikonda zitsekererozo koopsa, mwina mopitirira, moti ndinachita kuisunthira kumapeto kwa bokosi n'kuika kachidutswa ka chubu pakati. Anandichuniranso masipoko ndi khutu, akukoka ina, akukankha ina. Nditayesa ndi tuner ya pafoni, inkaonetsa kuti pafupifupi mawu onse aphonya. Sanaphonye. Ulimba uli ndi masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, pomwe pa kiyibodi masitepe ena ndi aakulu, ena ndi theka. Foniyo imangodziwa za kiyibodi. Ndinaitseka, ndipo masipoko aja sindinawakhudzenso mpaka lero. Mawu ochunidwa chonchi akalowa mu delay n'kuyamba kugwerana okhaokha, pamatuluka kunthunthumira kwina kumene sindinakupezepo pa kachunidwe ka kiyibodi.

Mawu aatali okokeka ndikadali nawo, ndimawakondabe. Koma tsopano m'nyimbo iliyonse mumakhala kanthu kena kouma, kapafupi, kosadutsa mu reverb: chitsekerero chikunjenjemera, chikhadabo pa sipuling'i, kagundidwe ka ndodo pachiyambi pa liwu. Kachipu kanga ka PT2399 ndimakalola kunyenya mawu mmene kakufunira, mchenga uja sindiusefanso. Ndikamajambula panja sindidikiranso kuti kabaza adutse kapena mbuzi ikhale chete. M'mwezi wa Disembala ndinakajambula achule m'mphepete mwa ngalande ya kumunda wa nzimbe, ndipo pakati pake pakumveka mayi wina akuitana mwana kuti abwere adzasambe. Kale ndikanadula pamenepo. Pano ndi pamene ndimadikira pofika.

Ndinaphunziranso kufunsa. Sipika yaikulu ija siilira usiku, ndipo nyengo ya mvula siilira n'komwe. Pamzere wa nyumba zathu pali mabanja ena awiri amene anachokera kumadzi, ndipo sindinaganizepo kuti khoma limene linalowetsa kulindima kwa amayi ndi lofanana ndi lawo. Ndikapanga chatsopano ndimayamba ndawamvetsa amayi masana, dzuwa likuswa mtengo, chitseko chili chotsegula, iwo akuona manja anga. Nthawi zambiri amangoti, "Chabwino," n'kupitiriza zawo. Tsiku lina ndikuliza masipoko aja ndi zitsekerero zake anaima ndi lichero m'manja n'kunena kuti, "Ichi chikumveka ngati kwa atsibweni ako." Tsiku linanso anandiuza mosabisa kuti chimene ndinapangacho chikuwakumbutsa udzudzu, ndichotse.

Pali anzanga a pa intaneti, ena ku Lilongwe, ena kunja, amene timatumizirana zojambula. Mmodzi anandiuza kuti nyimbo ya lata ija, imene ndinamutumizira kale zisanachitike izi, ndiyo yabwino koposa zonse zimene ndinapangapo, ndipo ndiitulutse. Mwina akunena zoona. Iye akaimvera m'chipinda chake amamva bata, ngati mmene ndinkamvera ine. Sindikumuona wolakwa. Koma ndikaitulutsa idzalira m'mafoni a anthu a ku Makhanga, ku Bangula, ku Chikwawa, pa tisipika ta Bluetooth, usiku, ndipo sindingadziwe amene wagona kuseri kwa khoma.

## Kumene lata linapita

Chaka chathachi amayi anapeza malo kumtunda, kufupi ndi achibale, ndipo tinawamangira kanyumba ka zipinda ziwiri. Ankati madzi saiwala khwawa, kuchigwa kuja sabwererakonso kukagona, azingopita kukalima. Tsiku lolongedza katundu anazungulira kuseri kwa nyumba n'kuima pansi pa nimu.

"Lata langali ndilitenga," anatero. "Khola la nkhuku lilibe denga."

Ndinakwera pampando n'kumasula chingwe. Piezo ndinaimatula ndi mpeni, inasiya kachizindikiro kozungulira ka guluu pakona, pafupi ndi penti yobiriwira ija. Tinaliwongola ndi mwala mmene tikanathera, ndipo ndinakalikhoma ndekha pa kholalo, misomali isanu ndi umodzi. Likakhomedwa chonchi silibuulanso. Mvula ikagwa limangoti tetete ngati lata lina lililonse, nkhuku zili pansi pake.

Nyimbo ija ikadali pa memori khadi, m'kabotolo ka mankhwala pa shelefu ya pamwamba pa benchi yanga. Ndi yotalika mphindi 11. Sindinaifufute, ndipo chichokereni usiku uja sindinaiyatsenso.